Dzanja Lamanja la Che Majidi

Shamsa anafika ku Bangwe mu Juni 2003, chiperoni chitaphimba phiri. Kwawo ku Namwera anasiya nandolo asanakhwime. Amuna ake, Che Majidi, ankakhoma zidebe ndi mbaula pafupi ndi msika, iye n'kumakazinga zitumbuwa pakhomo. Mwana anali mmodzi, wamwamuna. Atakula anapita ku Joni.

Che Majidi sanali olankhulalankhula. Anthu ankawadziwa ndi swala, mapemphero a Chisilamu. Azana yoitanira anthu ku swala ikamveka kumzikiti, ankasiya nyundo, n'kutenga ketulo ya madzi, n'kukhala pamwala kuchita udhu, kusamba kumene Msilamu amasamba asanaswali: manja, m'kamwa, m'mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka mutu ndi makutu, kumalizira mapazi. Kuyambira kumanja nthawi zonse. Akamaliza, Shamsa ankadziwa kuti asawakhudze. Anaphunzira ali mtsikana kuti khungu la mwamuna likakhudzana ndi la mkazi wake, udhu waonongeka, ayambirenso. Mkeka woswalira ankawapatsira atagwira kunsonga.

Mu Epulo 2015, chimanga chikuuma m'timinda ta m'mbali mwa phiri, Che Majidi anagwa ali pantchito. Achipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka patatha milungu itatu, mbali yakumanja itafa. Dzanja linafumbata, zala zitapindikira m'chikhatho ngati phazi la nkhuku yozinga. Ngakhale ulitsine, sankamva.

Nkhope ankasamba okha ndi dzanja lamanzere. Mkono wamanzere Shamsa ankangouthira madzi ataima chapatali. Chovuta chinali chikhatho chofumbata chija. Madzi a udhu ayenera kufika paliponse, ndipo kuti afike m'menemo pankafunika wina wotambasula zala, chimodzichimodzi. Masiku oyamba kunkabwera mnzawo wa kumzikiti. Koma kasanu patsiku ndi kambiri kwa munthu wa ntchito zake. Anayamba kudumphitsa, kenako anasiya.

Che Majidi anakhala masiku anayi osaswali. Ankangoyang'ana khoma. Phala ankalikana.

Akulu awo, Che Twaibu, anaimba foni kuchokera kumudzi.

"Alamu, munthuyo tipatseni. Kuno kuli adzukulu ake aamuna, azimuchititsa udhu bwinobwino. Asatifere ngati wopanda chipembedzo."

"Ndamva, alamu," anayankha Shamsa.

Anamvadi. Kumudzi kwa amuna ake kunali kwa alongo awo, iye analibeko nyumba kapena munda. Akawatenga, ukwati wa zaka makumi awiri ndi zitatu ukathera pa depoti ya ku Limbe, wina minibasi iyi, wina iyo.

Tsiku lachisanu Shamsa anatenga jumbo yoikamo zitumbuwa, n'kulowetsamo dzanja, n'kumanga pamkono ndi kamphira. Anali atafunsa kale kwa shehe, ndipo shehe anati pakakhala chotchinga pakati pa khungu ndi khungu, udhu ulipo. Che Majidi anayang'ana jumboyo nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu kuvomera. Tsiku limenelo anaswali chokhala pampando, ndipo anamwa phala.

Selina wa nyumba yoyandikana, Mkatolika wa ku Nsanje, anawapeza ali mkati mwa ntchitoyi.

"Iii aneba! Amuna anuanu, kuwagwira ndi jumbo ngati mukusankha usipa pamsika?"

"Nanga ndiwagwire ndi chiyani, chipande?"

"Ine wangayo ndikamugwira choncho, athawira kwa mkazi wina."

"Awa athawa ndi mwendo uti?"

Selina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa poona Che Majidi. Kuyambira tsiku limenelo ankamusungira majumbo a shuga, olimbirapo.

Chiperoni chinabwera, Shamsa n'kumafunditsa madzi pambaula. Chinapita. Inabwera mphepo ya Ogasiti ndi fumbi lake, masamba n'kuyoyoka. Kasanu patsiku: jumbo, kamphira, ketulo, chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati, mpaka kakang'ono. Poyamba Shamsa ankalira akamaliza. Pofika Seputembala anali atasiya. Manja ankangogwira okha, iye akuyang'ana madzi akulowa m'dothi.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake, mipopi n'kuuma. Amayi ankafola pa kiyosiki theka la tsiku kuti apeze chigubu chimodzi. Ndi mwezi umenewo pamene Che Twaibu anatulukira, Loweruka masana, osachenjeza. Anati abwera kudzaona ndi maso awo zajumbozo, ndipo ngati siziwakhutiritsa abwerera ndi m'bale wawo.

Nthawi ya swala ya Asiri, ya dzuwa litapendeka, itakwana, Che Twaibu anakhala pampando pakhonde, kofiya ili pabondo. M'nyumba monse madzi otsala anali a m'ketulo basi.

Shamsa anavala jumbo. Anatambasula zala, kuthira. Che Majidi anasamba m'kamwa, m'mphuno, nkhope. Pofika pa mkono wamanja, Shamsa anayambiranso kutambasula zala zija. Chapakati chinali cholimba tsiku limenelo. Atachikoka, chikhadabo chake chinakola jumbo n'kuing'amba, ndipo nsonga ya chala cha Shamsa inagona m'chikhatho cha amuna ake, khungu pa khungu.

Che Majidi sanamve kanthu. Maso anali kukhoma, milomo ikuyenda. Che Twaibu ankaingitsa ntchentche ndi kofiya.

Shamsa anasuzumira m'ketulo. Otsalawo anali ongokwanira mkono winawo ndi mapazi. Akanena, udhu uyambirenso, madzi palibe, ndipo Che Twaibu apeza chimene abwerera. Akapanda kunena, munthu amene sanaswalipo wopanda udhu moyo wake wonse aswali choncho lero, osadziwa.

Anapotoza jumbo kuti pong'ambikapo pakhale kuseri kwa dzanja. Anathira mkono wamanzere, Che Majidi n'kupaka mutu ndi makutu. Anatsuka mapazi, pakati pa zala zonse. Ketulo inatha pa chidendene chomaliza.

Che Majidi anaswali chokhala, atayang'ana kumene amayang'ana masiku onse poswali. Che Twaibu anadikira mpaka amalize.

"Alamu, nzeru muli nazo," anatero akuvala kofiya. "Akhale kaye konkuno. Tionana mvula ikagwa."

Shamsa anawaperekeza mpaka pa siteji. Atabwerera, Che Majidi anamuitana ndi lilime lawo lolemera lija.

"Mayi. Mwandichotsa manyazi lero."

"Eya," anatero Shamsa.

Anatuluka kukakhala pakhonde. Anadikira kuti mwina mantha abwera, mwina chimwemwe. Sikunabwere chilichonse. Kumwamba kunali mitambo yoyera, yopanda mvula. Atakhalakhala ananyamula chigubu kupita kukafola, poti swala ya dzuwa litalowa inali pafupi.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, Che Twaibu sanabwere. Che Majidi anaonanso mvula ina ali ku Bangwe, ndipo anamwalira m'nyumba yomweyo mu Meyi 2017, kunja kutayamba kuzizira. Za Loweruka lija Shamsa sanawauze. Sanauze Selina, sanafunsenso shehe. Ngati swala ija inalandiridwa kapena ayi, iye sakudziwa.