Rute ndi Gulu Lake Lopereka Magazi

Mwana wa mchemwali wanga, Rute, anayamba kuthyola mulunguzi paphiri la Zomba mano a mkaka asanaguluke. Zala zake zinali zachangu moti anyani ankafika pachitsamba n'kupeza minga yokhayokha. Zipatsozo amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri, ndipo ndizo zaphunzitsa ana ake atatu.

Chaka chatha zala zija zinayamba kutupa. M'mawa zinkauma gwaa, ngakhale kumanga chitenje kumamukanika. Kuchipatala anati ndi nyamakazi. Anamupatsa mapiritsi a metotirekiseti, oti azimwa kamodzi pa sabata basi, ndi timapiritsi tina tochepetsa ukali wake. Anamuuzanso kuti mwezi ndi mwezi azikatengedwa magazi, apo ayi mapiritsi ena sapatsidwa.

Apa ndiye panagona nkhani. Rute, mayi wothamangitsa njoka ndi patapata, amaopa singano.

Koma anakumbukira kuti mayi ake atagonekedwa m'chipatala, opereka magazi anali achibale. Tsiku litakwana anatisonkhanitsa: amuna ake a Daudi, ine malume wake, ndi alamu awiri a ku Songani. Minibasi inachita kupendekeka.

"Anesi, sankhani," anatero Rute. "Onenepawa muyambe iwowa."

"Mayi, akudwala ndani?"

"Ine. Koma anga ndi ochepa. Amalumewa ali nawo odzaza mgolo, akungokhala nawo."

Nesi anaseka mpaka kukhala pansi. "Mankhwalawa nthawi zina amawononga chiwindi ndi kuchepetsa magazi mwakachetechete. Tikufuna tione chiwindi chanu, mayi. Tikayeza cha bambowa, timva za kumowa."

A Daudi anabweza msangamsanga mkono umene anali atatambasula kale.

"Nanga ndikakana?" anafunsa Rute.

"Mapiritsi palibe. Mulunguzi wa chaka chino adya anyani."

Rute anayang'ana zala zake nthawi yaitali. Kenako anapereka mkono, akukuwa moti kutsidya kwa mtsinje wa Likangala anthu anayamba kufunsana kuti maliro ali kwa yani. Dzanja linalo anafinya nalo langa mwamphamvu, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti mankhwala akugwira ntchito. Kabotolo ka magaziwo? Kochepa kuposa chala chakanise.

Zotsatira zinatuluka bwino, mapiritsi anapatsidwa. Masiku ano amapita yekha, ngakhale kukuwa sanasiye.

Dzulo ndinamupeza atadzaza mulunguzi madengu awiri mame asanaume. Ndinapempha kambale kamodzi, poti ndine wopereka magazi.

"Amalume, magazi ake ati?" anatero, n'kundiwerengera tizipatso titatu.