Ndime Yotsala ya Azakhali Marsaili

A Marsaili Steele anabadwa mu 1948, m'nyumba yachitatu kuchokera pamphambano ya kutchalitchi, m'mudzi mwathu muno pachilumba cha South Uist, ku Scotland. Chakachi ndachiona pamwala wa pamanda awo komanso m'buku la ubatizo, chifukwa sindifuna kuyamba ndi cholakwika nkhani ya munthu amene tinamulakwira kale zokwanira. Anali azakhali anga, mlongo wa bambo anga. Ine ndine Ishbel. Ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi ndinali mlembi wa komiti yoyang'anira minda ndi msipu wa mudzi.

Mudzi wathu uli ndi nyumba khumi ndi zinayi, ndipo nyumba iliyonse ili ndi ndime yake kumchenga, m'mbali mwa nyanja. Ndimezo ndi zazitali, zopapatiza, zogundana popanda mpanda pakati. Manyowa ake ndi ndere zimene nyanja imalavula m'nyengo yachisanu. Pamchenga umenewo pamabereka mbewu imodzi yokha, ya makolo athu, yosakaniza balere, rayi ndi oti wakuda wa njere zazing'ono. Ndiyo imapulumutsa ng'ombe zathu msipu ukatha. Ya kusitolo imamera bwinobwino, koma ikafika m'mawondo imachita chikasu n'kuima pomwepo. Yathuyo nayo ili ndi vuto lake: siichedwa kufa m'thumba. Ikagona zaka ziwiri kapena zitatu osafesedwa, basi yapita.

Azakhali anapita ku Glasgow ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kukayala mabedi m'hotela. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Kunali mwamuna wina woyendetsa basi amene ankafuna kuwakwatira, koma za ameneyo ndikudziwa zochepa ndipo sindiwonjezerapo. Agogo aamuna atafa ziwalo mbali imodzi, bambo anga anali kutali pantchito ya m'sitima zapamadzi, choncho amene anabwerera kudzagwira munda anali azakhali. Ankati abwera kwa chaka chimodzi. Chikwama chimene anabwera nacho tinachipeza pamwamba pa kabati atamwalira.

Anaphunzira kuyendetsa thirakitala ndi kukonza makina akale omangira mitolo, amene ankadula chingwe pafupipafupi ngati ali ndi chifukwa nawo. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa koma olasa. Sanakwatiwe. Ng'ombe zawo zinali zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse ankaitukwana poitchula dzina.

Kale aliyense ankasiya mbewu yake kuti ikhwime, n'kuimika mitolo m'munda kuti iume, kenako n'kupuntha. Amene mbewu yamuthera ankapita ndi thumba kwa mnzake. Mbewu sitinkagulitsana. Wotenga thumba ankabweza thumba akakolola, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Kenako kunabwera makina odula mbewu ikadali yaiwisi n'kuikulunga m'mipukutu ya pulasitiki wakuda. Sindingawanyoze makinawo. Ntchito ya milungu isanu inasanduka ya tsiku limodzi, ndipo mvula inaleka kutiwoletsera chakudya cha ng'ombe. Koma mbewu yodulidwa yaiwisi ilibe njere yofesa. Nyumba imodzi inaleka kukhwimitsa, ina n'kutsatira, mpaka pofika cha m'ma 2005 anatsala ndi azakhali okha. M'mwezi wa Malichi tonse tinkapitabe kwawo ndi matumba opanda kanthu. Ankatidzazira. Zobweza zinafa zokha, poti tikanabweza chiyani?

Ndiye panali atsekwe. Atsekwe akutchire alipo kuno kuyambira kale, koma anachuluka, ndipo ngala zokhwima ndiye ndiwo yawo. Minda yonse ikakhala chilili, amadya pano pang'ono, apo pang'ono, munthu n'kupirira. Koma ndime khumi ndi zitatu zikadulidwa mu Ogasiti, imodzi n'kutsala kudikira kumapeto kwa Seputembala, atsekwe a dera lonse amadziwa kolowera.

Pamsonkhano wa mudzi wa mu Epulo 2016 azakhali anaimirira kuti alankhule, chinthu chimene sankachita. Anati akalamba, mawondo akukana, ndipo chaka chathacho atsekwe anawadyera gawo limodzi mwa magawo atatu. Sanapemphe zambiri. Anapempha kuti nyumba zitatu zoyandikana ndi ndime yawo zisadule msanga, kuti mbalamezo zigawikane, ndiponso kuti tizisinthana kulondera m'mawa. Nyumba zitatuzo zinali ya a Finlay MacCormick, wapampando wathu, ya a Lachlan Currie, ndi yanga.

A Finlay ndi munthu wanthabwala, wokondedwa ndi aliyense. Anati, “Achemwali, nkhani yaing'ono ngati imeneyi mpaka kuimirira? Mutu umodzi susenza denga. Ine tsekwe akangondiona nkhope yokhayi amasanza zimene wadya.”

Anthu anaseka. Azakhali sanaseke. Anati, “Finlay iwe, ndinakusintha matewera ine. Pakamwa pako ndimapadziwa. Ishbel, lemba zimenezi.”

Ndinalemba kuti tonse atatu tavomera. Tsambalo ndikadali nalo, ndipo dzina langa lili pamzere wachitatu.

Chaka chimenecho mvula inagwa Julaye yense. Pa 16 Ogasiti kunacha bwino, ndipo wailesi inati kukhala kouma masiku atatu okha. Mwini makina, wa kuchilumba choyandikana nafe cha Benbecula, anatumiza uthenga kuti mudzi wathu aupatsa tsiku limodzi, ndipo akachoka sabweranso chifukwa midzi ina ikudikira. Anayamba ndime za kumpoto. Masana anafika pa ya a Lachlan, ndipo a Lachlan anangokweza dzanja kuti pitiriza. A Finlay anati popeza a Lachlan adula, pangano lafa kale. Kenako munthu wa makina uja anaima pamutu pa ndime yanga, injini ikulira, n'kundiyang'ana.

Ndayesa kulemba chiganizo chotsatirachi m'njira zingapo kuti chipepuke, koma sichipepuka. Ndinamuuza kuti adule. Mwamuna wanga anali atamwalira chaka chapitacho, ndinali ndi ng'ombe zinayi, ndipo kumanga mitolo ndekha sindinkadziwa. Zifukwazo ndi zoona. Komabe ndinadula.

Madzulo ake ndinapita kwa azakhali nditatenga masikono. Ndinawapeza akumangirira matumba akale a chakudya cha nkhosa pa timitengo, zoopsezera mbalame. Ndinayamba kufotokoza za wailesi ndi za mvula. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha.

“Wamaliza, aphunzitsi?” anatero. “Masikonowo ika apo. Undipatsire chingwe icho.”

Ndinawapatsira chingwecho, iwo n'kupitiriza kumanga.

Ndime yawo inatsala yokha pakati pa ziputu, yooneka ngakhale uli kumsewu. Kwa milungu inayi azakhali, a zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, ankafika kumchenga kusanayere bwino, atatenga poto wakale, chitsulo chomenyera, ndi galu wawo Bran. Ankayenda kuchokera kumutu kwa ndime mpaka kunyanja, n'kubwerera, tsiku lonse. Zosinthana kulondera zija zinatha ngati utsi. Ine ndinapitako m'mawa kasanu. A Finlay anapitako kamodzi, n'kuwombera mfuti m'mwamba kawiri, n'kukaifotokoza nkhaniyo kusitolo mlungu wathunthu. Ngala zinayamba kufiira. Azakhali anati kwatsala masiku khumi.

Ndipamene anamwalira a Peigi, mayi ake a Finlay, ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi ndi zinayi. Iwowa ndi amene ananyamula azakhali paubatizo. Kwathu kuno maliro sajomba munthu. Bokosi timalinyamula pamanja kuchokera kutchalitchi, amuna akusinthana, ndipo palibe amachoka kumanda mpaka fosholo yomaliza itagwa ndi udzu utabwezeredwa pamwamba. Ndinawauza azakhali kuti atsale kumunda, anthu amvetsa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anatsekera Bran m'khola, n'kuvala chikhoto chawo chakuda.

Manda athu ali kumchenga komweko, pakamtunda, chifukwa ndi pokhapo pokumbika. Ukaima pamenepo minda yonse imaoneka. Wansembe atayamba mapemphero a pamanda tinamva phokoso la atsekwe kuchokera kudziwe kumene amagona, ndipo aliyense analidziwa. Gulu loyamba linazungulira kamodzi n'kutera pakati pa ndime. Linabwera lachiwiri, kenako lachitatu. Ena amati analipo mazana atatu, ena amati asanu. Ine sindinawerenge, choncho sinditchula nambala. Chimene ndinaona ndi chakuti ndime yofiira ija inasanduka yotuwa.

Mudzi wonse unali pamenepo, anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Tonse tinkayankha Kolona maso ali kumunda. Mtunda wake munthu wamiyendo yabwino akanathamanga mphindi khumi. Palibe anasuntha, chifukwa kuchoka pamanda a mayi wa mnzako dothi lisanatsekedwe ndi chipongwe chimene anthu amachikumbukira mpaka kwa zidzukulu. Mwambo umenewo tinausunga bwino kwambiri tsiku limenelo. Azakhali anaima pafupi nane, atapereka msana kumunda, akuyankha pemphero mokweza kuposa tonse. 

Atamaliza kukwirira, a Finlay anabwera kudzagwira anthu chanza. Kenako anafika pa azakhali. Azakhali anawagwira dzanja n'kunena kuti, “Pepa, Finlay. Mayi ako anali munthu wosunga mawu.”

Tsekwe sadya chabe, amapondanso. Zimene sanadye anazigoneka pansi, ndipo mvula ya mawa lake inamaliza. Pandime imene inkatulutsa matumba makumi anayi, azakhali anapuntha matumba anayi.

Malichi atafika, anthu anachita manyazi kupita ndi matumba, koma kufesa kunali pafupi, ndipo mmodzimmodzi anayamba kudutsa pakhomo pawo ngati akungocheza. Azakhali anatiitana tonse Loweruka lina. Pakhomo pa shedi anali atandandalika ndowa khumi ndi zitatu, iliyonse yodzaza mpaka pakamwa, mofanana. Anati ng'ombe zawo agulitsa, makina omangira mitolo aliyense wowafuna atenge, ndipo iwo kumchenga sapitanso.

A Lachlan anafunsa kuti ndowa imodzi ingafese chiyani, poti siikwana ngakhale kotala ya ndime.

“Siyodyetsa ng'ombe imeneyo, achimwene,” anatero azakhali. “Ndi yoti mubereketse. Mukaisiya ikhwime zaka ziwiri, mudzakhala ndi matumba anu. Mukaikulunga m'pulasitiki, mwadya mbewu ya agogo anu, ndipo musadzabwere kuno. Ine ndalondera zaka makumi anayi. Atsekwewo tsopano ndi anu.”

Kunja kwa geti a Finlay anayesa kuseka, amvekere mayi ameneyu akuti tilime m'ndowa ngati maluwa. Ena anati ndi nkhanza, munthu wopanda ana sadziwa mavuto a anzake. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga, ndipo amene anawanena anadya mbewu ya azakhali zaka khumi ndi ziwiri.

Nyumba khumi ndi ziwiri zinagula mbewu ya kusitolo, n'kuthiramo ndowa ija kuti ichuluke. Mu Julaye minda inali yachikasu, mwa apo ndi apo muli timagulu tobiriwira ta mbewu yakale. Mu Ogasiti makina anabwera n'kukulunga zonse pamodzi. Chaka chotsatira anawonjezera feteleza, ndipo mchenga unamumwa ngati madzi. Lero nyumba zisanu zinaleka kulima, zimagula udzu wobwera pa sitima, ndipo zitatu zinagulitsa ng'ombe.

Ndowa yanga ndinaifesa kuseri kwa nyumba, m'dimba la mbatata, n'kuphimba ndi ukonde wakale wa asodzi. Sindikunena izi kuti ndioneke wabwino. Ndinachita chifukwa tulo tinkandivuta. Azakhali anabwera kudzaona kamodzi, atatsamira ndodo. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndafesa mothithikana ngati ndikuthira mchere m'phala. Anandionetsa kamangidwe ka mtolo ndi mapesi ake omwe, kawiri, n'kubwerera kwawo osalowa m'nyumba kumwa tiyi.

Anamwalira mu Novembala 2021. Pamaliro awo a Finlay analankhula bwino kwambiri za mayi amene anasunga mbewu ya makolo athu, ndipo anthu analira.

Tsopano mbewu ija yakwana ndime yathunthu, ndipo ndinaibwezera kumchenga. Mu Seputembala imatsala yokha pakati pa ziputu. Poto uja ndi chitsulo chake zili kwa ine. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, ndipo bondo lamanzere layamba kundivuta.

Malichi wapitayu a Finlay anagogoda pakhomo panga, thumba lopinda lili m'khwapa. Anayamba ndi za nyengo, kenako za ng'ombe yawo yodwala. Ndinawadzazira thumbalo, chifukwa mbewu ikakhala m'nyumba imodzi yokha imafa ndi mwini nyumbayo, ndipo sindikudziwa njira ina. Ndinawauza kuti thumba limabwezedwa ndi thumba. Analisenza paphewa, n'kutembenuka pageti akumwetulira.

“Osadandaula, aphunzitsi,” anatero. “Chaka chino ndime yanga sindidula. Mukhoza kulemba.”