Foni ya atate m'sutikesi

Atate atamwalira kwathu ku Zemba, abale awo anatsekera katundu yense m'sutikesi: jekete, nsapato, korona, ndi foni yomwe. Anati palibe wokhudza mpaka tsiku logawa, tikakolola. Ine ndimakonza mafoni pa msika wa pa boma, ndiye ndinawauza kuti batire ikagona miyezi yopanda moto imafa. Azakhali anandiyang'ana ngati ndapempha ng'ombe. Akuti maliro sanazizire n'komwe, ine maso ali kale pa foni. Nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo ndi manyazi, ndipo manyazi amenewo ndimadana nawo mpaka lero.

M'foniyo munali mawu a atate. Chaka chomaliza ankakonda kudzijambula akuimba nyimbo za kwaya, ndipo pa katundu yenseyo amayi sanapemphe china koma kuwamvanso.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe anatsegula sutikesi, foni n'kupatsidwa amayi, iwo n'kundipatsa ine. Tchaja anaikana. Ndinaitsegula pakhonde, mita yoyezera moto wa batire osagwedezeka ngakhale pang'ono. Batire yotere timaidzutsa poigunditsa ndi mawaya ku inzake yamoyo, pang'onopang'ono, mpaka tchaja aivomere. Zobwera ndi foni kuchokera ku fakitale zambiri zimadzuka. Zogula m'mapaketi ku Chipata, za zilembo zagolide zija, zimangotupa ngati chitumbuwa. Ya atate inali ya m'paketi. Ndinawaikira ndine, dala, poti nkhalamba imaimbira ndani.

Nditaigunditsa kachitatu mita inakwera. Ndinabwezera batire, galasi n'kuyaka. Apa m'pamene ndinapusa. M'malo mothamangira ku boma kukatenga batire yabwino, mtima unandithawa, ndinatuma anthu kukaitana amayi ku dimba, ine n'kutsegula nyimbo yoyamba.

Atate anatsokomola, n'kufunsa wina ngati chayamba kujambula. Kenako foni inatentha m'manja mwanga, kunamveka fungo la pulasitiki wopsa, galasi n'kuda. Nditaitsegulanso ndinapeza zam'kati zapserera. Khadi losungiramo mawu munalibe, zonse zinali m'foni momwemo. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzutsa mafoni a anthu osawadziwa, koma iyi ndinaipha ndekha.

Amayi anafika akupuma mwabefu, matope m'miyendo. Anapukuta manja pa chitenje, n'kukhala pansi pafupi nane mwaulemu ngati kutchalitchi. Ndinawauza zoona zonse. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero.

"Koma iwe wawamva?" anafunsa.

Ndinati eya, pang'ono.

"Amaimba iti?"

"Anali asanayambe, amayi."