Bambo Zebedee ndi Mzimayi wa mu Foni

Ndinayamba kuwaona Bambo Zebedee Kalimanjira m'mawa wina ndili pamzere wa madzi ku chibhorani, mjigo wathu wa kuno ku Kambuzuma, mu Harare. Kuseri kwa mjigowo kuli kabwalo kafumbi komwe ana amasewerapo mpira. Tsiku limenelo panalibe ana. Panali bambo mmodzi wamtali, wa imvi, malaya oyera atawapisa bwinobwino mu thalauza, ndodo yachitsulo ili m'manja. Anali atandanda pansi tizidutswa ta zitsononkho, n'kumatimenya kamodzikamodzi kulunjika pa chitini chomwe anaimika chapatali.

Amayi a pamzere ankaseka. Wina anakuwa m'Chishona kuti asekuru, ndiye kuti agogo, asochera, gofu amasewera kwa olemera uko. Iwo anangokweza chipewa n'kupitiriza. Chimene ndinaona ine n'chakuti akamenya sankatsatira chitsononkho ndi maso. Ankapendeka mutu, n'kumamvetsera pomwe chagwera. Ndinkayesa ndi mmene amachitira anthu a gofu.

Mwamuna wanga Augusto anagundidwa ndi lole akupita ku ntchito ku Willowvale pa njinga, n'kumwalira. Anandisiyira mwana mmodzi, Primrose, ndi sola yomwe anakhoma yekha padenga. Magetsi akazima, anthu a mumsewu mwathu amabwera kudzatchaja mafoni pakhonde panga, pambali pa tebulo la matimati ndi repu zomwe ndimakapikula ku Mbare Musika. Ambiri amasiya foni n'kumapita, poti amadziwa kuti ine si wa nkhani zambiri. Bambo Zebedee atabwera ndi yawo sanapite. Anakhala pa benchi, chipewa pabondo.

"Amake Primrose, mwaswera bwanji? Ndamva kuti pakhomo pano Chichewa chidakalipo."

"Chilipo pang'ono, bambo."

"Pang'onopo n'chambiri. Kwanga chinapita ndi Agnes."

Agnes anali malemu mkazi wawo. Mbiri yawo ndinaimva motero, pang'onopang'ono, foni ikudzaza. Bambo awo anachokera ku Ntcheu, ndipo ankathirira kapinga pa kalabu ina ya gofu m'tauni muno. Zebedee anayamba kunyamulira osewera chikwama cha ndodo chikwamacho chikuwaposa msinkhu. Onyamulawo amawatcha makadi. Kadi amasankhira bwana ndodo, amamuuza kutalika kwa mtunda, ndipo chachikulu, amayang'ana kumene mpira wagwera. Lolemba kalabu imakhala yopanda anthu, ndiye makadi amaloledwa kusewera okha. Ndodo ya pa kabwalo ija anawapatsa mzungu wina akuchoka m'dziko, ndipo ankaitcha seveni chifukwa cha nambala yolembedwa pansi pake.

Masiku ano makadi atsala ochepa. Osewera amakankha okha chikwama pa timatayala, ndipo foni imawauza mtunda. Bambo Zebedee anali atatsala ndi munthu mmodzi yekha wowaitana Loweruka lililonse, a Bothwell, eni shopu ya masipeya a galimoto ku Workington.

"A Bothwell akandisiya," anatero, "ndikakhala pansi pa mtengo pa geti ndi anzanga, kudikira munthu amene sabwera."

Tsiku lina anabwera ndi nkhani yatsopano. A Bothwell amamwa akatha kusewera, ndipo akazi awo anali atawaletsa kuyendetsa ataledzera. Ndiye anafuna kuti Bambo Zebedee aziwayendetsanso, kupita nawo ku makalabu ena ndi kuwabweza kunyumba. Laisensi anali nayo kuyambira kale, nthawi imene ankayendetsa kalole ka kalabu. A Bothwell anawauza kuti aike mu foni maapu awiri, ya mapu a misewu ndi ya gofu.

"Inu munafika Fomu 2," anatero Bambo Zebedee akundipatsa foni. "Tandiwerengerani. Timalemba take n'ta nyerere."

Foniyo anawatumizira ndi mwana wawo Ruvimbo, amene amasamalira okalamba ku Joni. Inali yodzaza ndi mavidiyo a zidzukulu. Nditayesa kuika maapu onse awiri, inakana kuti malo palibe.

"Tichotseko mavidiyo ena?"

"Ayi. Chotsani chilichonse koma ana asiyeni."

Tinayenera kusankha imodzi. Ndinawawerengera zomwe zinalembedwa. Ya mapu inalipo mitundu iwiri. Ina imafuna bando ya intaneti nthawi zonse, koma imakuuza komwe kwaima apolisi ndi komwe magalimoto athinana. Inayo umaikopa kamodzi, Harare yense n'kukhala mu foni, ndipo imayenda ngakhale bando yatha.

"Imalankhula?"

"Imalankhula."

"Mokweza?"

Ndinaiyesa. Munatuluka mawu a mzimayi, a Chingerezi chosalala, akuti tikhotere kumanzere. Bambo Zebedee anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu ndiye wanga. Nanga ya gofuyo imatani?"

"Imajambula bwalo lonse, dzenje ndi dzenje, n'kukuuzani kuti pali mtunda wotani kuchokera pomwe mwaima."

"Imaona komwe mpira wagwera?"

Ndinawerenga mpaka pansi. "Zimenezo sanalembe."

"Ndiye isiyeni. Ikani mzimayiyo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Ndikawapatsa tiyi, dzanja lawo linkayamba lafufuza mbale lisanapeze kapu. Mayi Mazvita oyandikana nane akadutsa, sankawapatsa moni mpaka iwowo atayamba kulankhula. Pakati pa diso lawo lakumanja panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga. Munthu wamkulu sumuuza za thupi lake asanayambe yekha.

Amene anaulula ndi Nelio, kadi mnzawo wa ku Tete, kwawo kwa malemu mwamuna wanga. Ndi bambo wamfupi wadazi, wapakamwa. Anabwera nawo Lolemba lina madzulo akuchokera kosewera, akukangana za amene wapambana.

"Mayi, musawamvere akuluwa," anatero Nelio. "Mpira amenya bwino, inde. Koma popanda ine akanaufunafuna mpaka Khirisimasi."

"Iwe, tseka pakamwa."

"Nditseke? Ndikatseka Loweruka mudya chiyani?"

Kenako anandifotokozera. Nelio amanyamulira mnzawo wa a Bothwell, ndiye Loweruka amayenda limodzi anayi. A Bothwell akamenya, Nelio ndiye amatsatira mpira ndi maso, n'kulankhula m'Chichewa ngati akungocheza za kumudzi: akulu, mbuzi yanu ija yalowa kumanja, yagona pansi pa mtengo wachiwiri. Bambo Zebedee amanyamula chikwama n'kupita molunjika, ngati auona okha. Mabwana amangoti a Malawi awa sasiya kucheza.

"Si za lero izi," anatero Bambo Zebedee, mawu atatsika. "Madala athu anatiphunzitsa choncho. Kale mpira ukasowa wolakwa anali kadi, mawa lake sakuitananso. Ndiye kadi salola mnzake kutaya mpira. Inenso ndinaonerapo ena maso awo atatopa. Lero ndi nthawi yanga."

Ndinali ndikusankha matimati ophwanyika. Ndinafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga pamsewu?"

Nelio anayang'ana pansi. Bambo Zebedee anagogoda foni ndi chala.

"Pamsewu ndili ndi mzimayi uyu."

Anayendetsa choncho nyengo yonse yozizira. Ankanena kuti mzimayiyo sakwiya, ukaphonya njira amangokupezera ina osakutukwana. Anawafikitsa ku makalabu omwe anali asanapondeko chibadwire. A Bothwell ankagona kumbuyo, pakamwa pali yasa. Bambo Zebedee anagula nsapato zatsopano ndipo anasiya kumenya zitsononkho m'mawa, poti galimoto inkafuna kutsuka.

Lachinayi lina anandiuza kuti mawa lake a Bothwell awatuma kukasiya katundu kufupi ndi Mbare, ndiye adzanditenga ndi matimati anga kuti ndisavutike ndi kombi, maminibasi athu a kuno. Ndinafuna kukana, koma ndinangovomera.

Anandipeza pa geti la musika. Kunena zoona ndine ndinawapeza, chifukwa anaima pafupi nane penipeni akuyang'ana uku ndi uku mpaka nditagogoda pawindo. Tinaika mabokosi kumbuyo, ine n'kukhala kutsogolo. Foni anaimangirira pafupi ndi chiwongolero ndi labala. Mzimayi akalankhula, iwo ankayankha.

"Ndamva, mayi. Tikhota."

Ankayenda pang'onopang'ono, chakumphepete, nkhope ili pafupi ndi galasi. Makombi ankatiimbira hutala, mahwindi oitanira anthu aja akutulutsa mitu n'kumatukwana. Iwo sankasamala. Titayandikira ku Workington, pamphambano ena panali mulu wa zinyalala ukuyaka, utsi ukudutsa mumsewu. Mzimayi anati tikhotere kumanja. Anakhota. Kutsogolo kwathu kunali bambo akukankha ngolo yodzaza makabichi, akuwoloka. Ndinamuona bwinobwino. Ndinadikira kuti galimoto ichepetse liwiro, koma phazi lawo silinasunthe.

"Munthu!"

Sindikumbuka kuti ndinakuwapo choncho chiyambire. Anaponda buleki. Galimoto inagunda ngolo chakumbali, ngoloyo n'kupendeka, makabichi n'kumagubuduka mumsewu monse. Mwini ngolo anali atalumphira kumbali. Sanavulale, koma anatukwana m'Chishona mpaka makolo a Bambo Zebedee omwe sanawaonepo. Mkati mwa phokoso lonselo mzimayi wa mu foni anati tipitirire kutsogolo.

Tinatsika kukatola makabichi. Anthu anasonkhana, ena akuthandiza, ena akuseka, mmodzi n'kuthawa ndi kabichi kukhwapa. Bambo Zebedee anavula chipewa n'kupepesa mwini ngolo akuwomba m'manja. Potola, ndinaona kuti ankayamba akhudza kabichi ndi phazi, kenako n'kuwerama.

Titabwerera m'galimoto sanailize msanga.

"Anavala chiyani munthuyu?"

"Ovololo yotuwa."

"Ine ndinaona utsi basi."

Kenako ndinanena chomwe chinali pakhosi.

"Amene anagunda Augusto nayenso anati sanamuone."

Anazimitsa foni n'kuiika m'thumba. Kuchokera pamenepo mpaka pa shopu ya a Bothwell ndine ndinkawauza njira, ndi anthu omwe, ndi njinga, ndi maenje. Galimoto anaisiya pa shopupo. Matimati tinakwera nawo kombi.

Zomwe zinachitika Loweruka anandiuza ndi Nelio. Asanayambe kusewera, Bambo Zebedee anapereka makiyi kwa a Bothwell n'kuwauza kuti maso atha. A Bothwell anafunsa kuti nanga mipira yonseyi ankaipeza bwanji. Atamva za mbuzi ija anaseka mpaka kukhala pansi pa kapinga, n'kuitana anzawo kuti adzamve. Sanakalipe. Anati tsiku limenelo anyamule chikwama monga mwa masiku onse, akatero apite akaonetse maso kwa madokotala. Sabata yotsatira a Bothwell anabwera ndi timatayala tokankhira chikwama, apu ya gofu ili mu foni yawo, ndipo woyendetsa anali mphwawo wa ku shopu.

"Ndinawauza kuti akanangosiya galimoto, za mipira n'kukhala chete," anatero Nelio. "Akuti ukavula malaya sungasiye mkono umodzi."

Bambo Zebedee anakakhala pansi pa mtengo wa pa geti kwa milungu ingapo. Palibe anawaitana, poti nkhani ya mbuzi inali itafika kwa aliyense. M'mawa anayambiranso kumenya zitsononkho kuseri kwa chibhorani. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa. Ruvimbo atamva anawakalipira pa foni kuti n'chifukwa chiyani anabisa, n'kuwatumizira tikiti ya basi kuti akachitidwe opaleshoni ku Joni komweko, iye akuwayang'anira.

Anabwera pakhonde panga m'mawa wa tsiku la ulendo, atavala jekete, chikwama chaching'ono kumanja, ndodo ija kumanzere. Nelio ankawadikira pamsewu kuti awaperekeze kokwerera basi. Foni inali itagona kwanga kuti idzaze. Ndinawapatsa, koma anaibweza.

"Muchotseni mzimayiyo. Woyendetsa basi njira akuidziwa."

Ndinamuchotsa.

"Tsopano malo alipo?"

"Alipo."

"Ikani ya gofu ija. Akandipala masowa ndikufuna ndiione ndekha, ndidziwe chimene chinatilanda ntchito."

Inatenga nthawi kuti ilowe, poti netiweki inkavuta. Nelio anayamba kukuwa kuti basi siidikira kadi. Itatha, ndinawaikira foni m'thumba la jekete, pamodzi ndi matimati angapo ndi mchere m'kapepala. Anayamika. Anatsika sitepe ya khonde akufufuza ndi phazi, kenako anatembenuka n'kundipatsa ndodo. Chogwirira chake chinali chokulungidwa ndi labala wa chubu cha njinga, chosalala chifukwa cha manja.

"Amake Primrose, mundisungire kuseri kwa chitseko. Koma chonde musaphere makoswe. Imeneyo ndi seveni."