Chaka Chimene Uvuni wa Burulkan Unazima

Aliyense amene anayendetsapo lole pamsewu wa ku At-Bashi amamudziwa Burulkan, mayi wamfupi wa mawu aakulu uja wophika buledi pafupi ndi mlatho. Mwamuna wake atamwalira, anthu ankati abwerera kwawo kumapiri, koma iye anangomanga mpango n'kupitiriza kumata buledi m'makoma a uvuni wake wadothi, mpaka nsidze zonse zinapserera. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi uvuniwo sunagonepo wozizira. Madalaivala ankaima pamenepo chifukwa ankadziwa kuti kaya kugwe chipale chofewa chotani, kwa Burulkan apeza chotentha.

Kwathu kuno mitengo ndi yowerengeka, ndiye za nkhuni iwalani. Malasha amanunkhitsa buledi. Moto wa Burulkan unali wa ndowe za nkhosa, zija zimapondedwa m'khola nyengo yonse yachisanu mpaka kulimba gwa. Kholalo linali la mlongo wake Jekshen, amene iye anamulera yekha mayi awo atatisiya. Chaka chilichonse mwezi wa Meyi, Burulkan ankasiyira mnansi uvuni n'kukwera kumapiri sabata ziwiri. Ankadula ndowezo ndi fosholo ngati njerwa, n'kuzisanja kuti ziume, msana kuchita kuphwanya. Milu ya kum'mawa inali ya Jekshen, ya kumadzulo ya Burulkan. Sanalemberane paliponse, nanga munthu angalemberane ndi mwana amene anamubereka kumbuyo?

Chaka chimene tikunenachi abusa anatsika ndi ziweto msanga, akuti chisanu chikubwerachi n'choopsa. Burulkan sanazengereze. Anakhomera mapulasitiki m'mawindo, anamata ming'alu ya uvuni ndi dothi losakaniza ubweya, anakulunga mpope wa madzi ndi masanza, matumba a fulawa n'kuwasanja pamatabwa kuti asanyowe. Chinatsala ndi moto wokha. Okutobala ali pakati anapangana ndi mwini lole n'kukwera naye kukhola.

Pamene panali milu yake anapeza pali mbee, udzu wofota wokha ukusonyeza pomwe inakhala. Milu ya kum'mawa inali chiimire.

Jekshen anatuluka akupukuta m'manja, maso ali kumbali.

"Mwafika, achemwali? Lowani kaye mumwe tiyi."

"Tiyi ndimwa. Ndowe zanga zili kuti?"

"Nkhani yake ndi yaitali."

"Ifupikitse, lole ikudikira."

Inali yaifupi ndithu. Mwana wa Jekshen anali atangokwatira, ndipo asewere a Jekshen, anthu a kuchigwa, atabwera kudzaona khola anayamikira milu ija. Mwambo wathu ndi woti asewere akayamikira chinthu pakhomo pako, suchita ngati sunamve. Jekshen anadzigunda pachifuwa n'kuti tengani. Iwo osachita manyazi anabwera ndi malole awiri.

"Ndikanatani, achemwali? Kuwakaniza asewere? Mwana wanga akanalowa bwanji kwa apongozi ake?"

"Bwanji sunawapatse zako?"

Jekshen anakanda m'mutu. "Nanga ife ndi ana tikanaotha chiyani?"

"Ineyo ndiphikire chiyani? Ndevu zakozo?"

"Inu simusowa pogwira, achemwali. Mumadziwa kuzipeza zinthu."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa ndowe zimene. Kulimbikira kwake konse kuja, mlongo wake ankakuona ngati chilolezo chomulanda. Ndipo m'miyezi iwiri chiperekere ndowezo Jekshen anadutsa pa uvuni kanayi, kudya buledi wotentha, kupukuta pakamwa, osanena kanthu. Akananena mu Ogasiti, Burulkan akanapeza kwina. Mu Okutobala palibe amene angakugulitse ndowe ngakhale umugwadire. Burulkan anapempha theka la milu ya kum'mawa, ndipo mlamu wake Satkyn, mkazi wa Jekshen, anayankhira pawindo kuti akambirana kaye. Lole inatsika yopanda kanthu, Burulkan akulira njira yonse, osabisa nkhope.

Osati anangokhala, ayi. Anathyola zitsamba za m'mbali mwa mtsinje, anasonkhezera makatoni, mpaka mpanda wake womwe anauzula thabwa limodzilimodzi. Zokambirana za Satkyn zija sizinamvekenso, kenako chipale chinatseka msewu wa kumapiri. Sabata yachiwiri ya Disembala uvuni unazima. Madalaivala ankaimabe masiku angapo, kuliza hutala, kenako anazolowera kukaima pasitolo ina kutsogolo uko. Burulkan ankawadziwa bwino anthu amenewa, kuti akazolowera kwina sabwerera.

Mu Januwale Jekshen anatsika pahatchi, ndevu zili mbuu ndi chisanu. Anati asewere akubwera kudzacheza, ndiye akufuna buledi makumi atatu, wa manja a achemwali, poti asewerewo anamva mbiri yake.

 Burulkan anamugwira pamkono n'kupita naye kuseri, navundukula uvuni.

"Pisa dzanja."

"Achemwali, inu..."

"Ndati pisa."

Jekshen anapisa n'kulichotsa msangamsanga. Makoma onse anali atayanga madzi oundana.

Kwathu kuno munthu sachoka pakhomo pa mnzake asanalawe buledi, ngakhale kachidutswa, kaya ali pachangu, kaya munayambana dzulo. Amene sanalawitsidwe ndiye kuti pakhomopo si mlendo ndiponso si m'bale. Patebulo la Burulkan panali kabuledi kamodzi kamene anadziotchera pachiwaya m'mawa, ndipo Jekshen ankakaona poti chitseko chinali chotsegula. Anaima pakhonde chipewa chili m'manja, kudikira. Burulkan analowa, anavundikira kabuledi kaja ndi nsalu, n'kutseka chitseko.