Dzina Lachisanu pa Mndandanda wa a Mwangomba

A Zebedee Mwangomba anali munthu wa pakamwa. Ndinawapeza mu 1971, boma litandichotsa kwathu ku Ntchisi nkundiponya pasukulu ina kumpoto kwa Kaporo, kufupi ndi mtsinje wa Songwe, pamalire a Malawi ndi Tanzania. Iwo anali tcheyamani wa chipani m'deralo, mkulu wa mpingo, mwini ng'ombe khumi ndi zinayi ndiponso nthochi zosawerengeka. Tsiku lomwe ndinafika ananditumizira mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, m'mawa mwake nkundiuza kuti ndine mlembi wawo. Kufunsa sanandifunse. "Inu aphunzitsi, dzanja lanu ndi labwino." Basi, nkhani yatha. Ndinapsa mtima, koma mbalagha ndinali nditadya kale.

Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nkhani inali imodzimodzi: anthu a tsidya lija owoloka mtsinje popanda chitupa. Masiku amenewo maboma awiriwa sankamwerana madzi, ndipo aliyense wochokera kutsidya ankamuyang'ana ndi diso lofiira.

"Dziko ndi khola, aphunzitsi," ankatero a Mwangomba akugogoda pansi ndi ndodo. "Mukasiya chitseko chotsegula, m'mawa mupezamo chiyani? Wolowa alowere pakhomo, aonetse chitupa. Tikalekerera, mawa ana athu adzalima kuti?"

"Nanga mayi wodwala wofuna jekiseni?" ndinkawafunsa ine. "Nanga obwera kumaliro a mlongo wawo? Anthuwa chinenero ndi chanu chomwe, maina ndi anu omwe. Mtsinje wanuwonso chaka chino udutsa apa, chaka chamawa udutsa apo. Munthu kugona ali Mmalawi nkudzuka ali mlendo?"

"Yayi! Inu a ku Ntchisi malire munawaonera pa mapu."

Akatero ankaseka mpaka kutsokomola, kenako nkunditumizira chambiko. Ndinkawakonda mkuluyu, ngakhale kuti nthawi zina ndinkalakalaka kuwalanda ndodo ija.

Pakhomo pawo panali chinthu chomwe chinanditengera nthawi kuti ndichizolowere. Kwa Ankhonde, mtundu wa a Mwangomba, mkazi wokwatiwa saonana ndi bambo a mwamuna wake. Sayang'anana, salankhulana, sakhala malo amodzi. Akamva kuti apongozi akubwera amapatuka nkulowa m'nthochi, atafunda nsalu kumutu. Kwathu mkamwini amachita manyazi ndi apongozi, inde, koma izi zinali zina. Mwana wawo Hudson anali ku migodi ku Joni, ndipo mkazi wake anatsala pakhomopo ndi kamtsikana ka zaka zisanu, Febby. Mkaziyu anakhala pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri, a Mwangomba osaona nkhope yake. Ndiye ankaphika mbalagha uja. Ndiye ankakama ng'ombe chimwalirire mayi a Hudson. Chakudya ankapatsira mlongo wa a Mwangomba, mayi Lettie, kuti akapereke. Mkuluyu akafuna kuthokoza ankayang'ana kukhoma nkunena mokweza kuti, "Auzeni amake Febby kuti ndagha," ndiko kuti zikomo. Dzina lake lenileni sankalitchula, ndipo ineyo ndinali ndisanalimvepo.

Chaka chotsatira kunabwera lamulo loti tcheyamani aliyense apereke maina a anthu okhala m'dera lake popanda chitupa. A Mwangomba anakondwa ngati apatsidwa njinga. Anatuma amuna awiri a chipani kuzungulira midzi, iwo anabwera ndi maina asanu ndi anayi, ine ndinawalemba bwinobwino ndi dzanja langa lotamandidwalo. Ndinawawerengera mokweza, limodzilimodzi. Lachisanu linali Keziya Mwaipopo.

"Taganizani kaye," ndinawachonderera. "Enawa ali ndi ana."

"Lamulo ndi lamulo." Anasaina.

Patapita masiku anayi, ndili m'kalasi kuphunzitsa masamu, ndinamva kulira panja. Anali mayi Lettie, nsalu ili m'manja, Febby akuwathamangira pambuyo. Apolisi anamutenga mpongozi uja pachitsime. Keziya Mwaipopo anali iyeyo! Anabadwira kutsidya, makolo ake atamwalira anawoloka pabwato nkudzakhala kwa malume ake kuno, ndipo ng'ombe za lobola zinapita kwa malumewo. A Mwangomba zaka zonsezi ankangodziwa kuti Hudson anatenga mwana wa ku Iponga, kwa malume aja. Amuna awiri aja ankayesa kuti mkulu akudziwa, ndipo akufuna kuonetsa chitsanzo. Koma abale inu!

Choopsa chinali ichi: mwana kumeneko ndi wa kuchimuna. Keziya akamuwolotsa, Febby atsala kuno, ndipo mayi ake sadzaloledwanso kubwerera. Lole yokawasiya kutsidya inali yonyamuka masana omwewo.

Ndinawapeza a Mwangomba kukhola. Ndinawalalatira, sindibisa. Ndinati, "Khola lanu lija mwatseka, mwatsekera kunja munthu amene amakudyetsani!" Iwo anavala jekete lawo la ku tchalitchi, mabatani nkuphonyetsa, tinakwera njinga.

Pakampu ya apolisi anthu onse asanu ndi anayi anali atawakhazika pansi pa mtengo wa mango, lole itaima pambali. Akazi analipo anayi. Sajeni wake anali wakwathu kuchigawo chapakati, munthu wotopa, wosadziwa kanthu za miyambo ya kuno.

"Bwana, pachitika cholakwika," anayamba a Mwangomba. "Mmodzi mwa awa ndi mpongozi wanga."

"Si inu munasaina?"

"Ndine."

"Chabwino, mlozeni."

Mkulu uja anaima ngati chitsa. Maso anali pansi, ndipo ngakhale akanadzutsa mutu akanaloza yani? Sajeni anaseka. "Madala, mpongozi wanu simukumudziwa? Wakupatsani chiyani kuti mumunamire?"

Nthawi yomweyo mkazi mmodzi, atazindikira mawu aja, anadzifunda nsalu kumutu, liwiro kukabisala kuseri kwa lole. Wapolisi wina anakuwa kuti wathawa, nkuyamba kumuthamangitsa ndi chibonga.

"Musiyeni!" anakuwa a Mwangomba. "Sakuthawa inu, akuthawa ine! Ndi ameneyo!"

Ndinafotokoza mwambo wonse, ndikulumbira kuti si nthabwala. Sajeni anakanda mutu. Kenako anati kuthawa si umboni. Ngati tcheyamani akufuna mkaziyu, amuyang'ane pamaso pa onse, anene kuti ndi wa pakhomo pake, asaine kuti chilichonse chokhudza iye adzayankha ndi iwo. "Koma dziwani," anatero motsitsa mawu, "pepala limeneli likapita kuboma. Adzafunsa kuti tcheyamani anasunga bwanji mlendo zaka zisanu ndi ziwiri. Ena anapita chifukwa cha zochepa kuposa izi, mpaka lero sanabwere."

Ine mantha anandigwira, chifukwa zimenezo zinali zoona. Ndinayang'ana a Mwangomba. Anapereka ndodo yawo kwa ine, nkuyenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa lole kuja. Keziya anali atagwada, nkhope italoza ku tayala la lole. Akazi atatu aja anagwira pakamwa.

A Mwangomba analankhula naye mu Chinkhonde, koma ndinali nditaphunzirako mokwanira kuti ndimve. "Mwana wanga, chotsa nsaluyo. Mlandu wa mwambo ukhale pa ine. Febby akukudikira."

Keziya anakana, akulira. Anamuuzanso kachiwiri. Kenako nsalu inatsika mpaka m'khosi. Mkuluyo anawerama, namuyang'ana, natembenukira kwa sajeni.

"Uyu ndi Keziya, mkazi wa mwana wanga Hudson. Ndi wa pakhomo panga. Lembani."

Anasaina. Asanu ndi atatu otsalawo anakwera lole ife tikuona, ndipo a Mwangomba anavula chipewa, osasuntha mpaka fumbi litatha. Mwezi usanathe anawachotsa pa utcheyamani. Kuboma anawaitana katatu, ulendo wachitatu anagona komweko sabata ziwiri nkubwerako ataonda. Za chitupa sanasinthe maganizo kwenikweni, mutu unali wouma ndithu, koma kuyambira pamenepo akamva kuti wina walembedwa ankafunsa kaye kuti, "Ndi mwana wa yani? Amakhala kwa yani?"

Tsiku lija pobwerera tinayenda wapansi tikukankha njinga. Keziya anali kutali m'mbuyo mwathu, atafundanso nsalu yake, ndipo tikaima nayenso ankaima. Titayandikira kumudzi, Febby anatidutsa ngati mphepo, osatipatsa ndi moni womwe, kuthamangira kwa mayi ake. Sitinacheuke.

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Ndinati, "Nanga tsopano mwamuona mpongozi wanu. Ndi wooneka bwanji?"

Anayenda kaye pang'ono. Kenako anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete.

"Aphunzitsi, musauze sajeni uja," anatero. "Sindinaone kanthu. M'maso munali mutadzaza misozi."