Musazimitse Malemba Akayamba

Amuna anga atalembedwa ulonda pa esiteti ya tiyi, anayamba kuyenda ngati munthu wa mufilimu. Ndikunena filimu imodzi, imene inkaonetsedwa Lamulungu lililonse masana m'kanyumba ka vidiyo pamsika wa ku Makwasa. Tepi yake inali itatopa, chithunzi chikunjenjemera, koma anthu a m'makomboni ankadzaza mabenchi. Ngwazi yake inali kamwamuna kochepa thupi, komenya achifwamba ndi makwerero, mpando, ngakhale ambulera, anthu n'kumafa nalo phwete. Kankagwa kuchokera padenga, kudzuka, kusasa fumbi n'kumapita.

"Munthu uja ngokhwima," ankatero amuna anga. "Ali ndi mphini. Thupi wamba silingagwe choncho."

Kuseka ndinkaseka, mpaka tsiku limene anandiuza kuti mwezi ukatha awoloka mtsinje wa Ruo, akatemeredwe mphini kwa sing'anga wa ku Mozambiki. Ntchito yawo inali yolondera nkhalango ya bulugamu, nkhuni za ku fakitale ya tiyi, ndipo akuba mitengo ankabwera ndi zikwanje. Kampani inawapatsa wezulo yoitanira anzawo. Iwo ankati wezulo ndi ya anthu amantha, akabwera kotemera adzalimbana ndi akubawo okha. Ndinachita mantha kwambiri. Mwana wathu wachiwiri anali adakali kumsana.

Ine ndinakulira m'banja la Sabata, ndipo mu vidiyo sindinkalowa. Ndinkangogulitsa nthochi pakhomo pake. Koma ndinkadziwa mwambo wa m'menemo: malemba akangoyamba kukwera kumapeto kwa filimu, anthu ankadzuka onse ngati belu loweruka lalira, mwini vidiyo n'kuzimitsa msanga kuti batire isathe. Palibe amene ankadziwa kuti kutsogolo kwa tepi kuli chiyani.

Lamulungu lina ndinalowa kukatola makoko a nthochi, chakudya cha mbuzi zanga. Anthu anali atatuluka, mwini vidiyo atathamangira kuseri osazimitsa. Pambali pa malembawo panali kachithunzi. Kamwamuna kaja kanalumpha, kuphonya, kugwa, osadzukanso. Anthu anakathamangira, patsogolo pali bambo wonenepa wa chipewa amene ankaoneka kuti ndiye kapitawo wa filimu yonseyo. Kenako anakaonetsa kali ndi bandeji, bambo uja akuloza padenga pomwe paja kuti kabwereze.

Nditawafotokozera kunyumba, amuna anga anangopukusa mutu.

"Inu a Sabata mumadziwa chiyani za filimu? Ine ndayionera kuposa mwini wakeyo."

Sindinalimbane nawo. Lamulungu lotsatira ndinasiya nthochi kwa mnzanga, ndinamanga chitenje, n'kulowa nawo. Ndinadziwa kuti nkhani ifika kutchalitchi dzuwa lisanalowe, koma ndinati ifike. Ndinakhala benchi lakutsogolo, pafupi ndi makina, pakati pa fungo la thukuta ndi fodya. Kunena zoona, filimuyo inali yosekesa. Pa makwerero paja nanenso ndinagwetsa misozi.

Malemba atayamba, mwini vidiyo anatambasula dzanja. Ndinaligwira.

"Achimwene, musazimitse."

"Mayi, batire. Anthu a sho yachiwiri akudikira panja."

"Adikire. Amayi anu timaimba nawo kwaya, ndipo iwo amaganiza kuti mumagulitsa sopo. Mukufuna ndikawauze sopo wake?"

Dzanja linafewa. Anthu amene anali atafika kale pakhomo anabwerera, osati chifukwa cha filimu koma kudzaona mkazi wa mlonda akukangana. Ndiye kachithunzi kaja kanatuluka.

Poyamba anaseka, poganiza kuti nthabwala zikupitirira. Koma kamwamunako katagona chigonere, magazi akutuluka m'khutu, kuseka konse kunatha. Tinaona akukanyamula pamachira. Tinaona bambo wa chipewa atagwira kumutu. Tinaona kakubwereza kulumpha komwe kuja, mwendo ukutsimphina, mpaka kutheka. Amuna anga anaima chilili, chipewa chawo cha ulonda chili m'manja.

Pobwerera tinadutsa m'kanjira ka m'minda ya tiyi. Tili pafupi ndi komboni amuna anga anati, "Ndiye amavulala."

"Amavulala, bambo a mwana. Komanso iye akagwa pamakhala anthu omutola. Inu m'bulugamu muja adzakutolani ndani?"

Mwezi unatha, za Ruo sanazitchulenso. Ine akulu a mpingo anandiitana, ndinawafotokozera, ndipo ndinawauza kuti zitafunikanso ndikhoza kulowanso.

M'nyengo yozizira ya chiperoni, akuba anawapezadi m'nkhalango muja m'mamawa, zikwanje zili m'manja. Amuna anga anaimba wezulo n'kuliyatsa liwiro, nsapato imodzi kutsala m'matope. Anzawo anawaseka mpaka mvula kugwa, ena kumawaimbira likhweru akamadutsa pa sikelo ya tiyi. Zinkawapweteka, ndipo masiku ena ankafika kunyumba osandilankhula. Ine ndinkangowapatsa madzi osamba m'manja, n'kumayang'ana manjawo, onse awiri, opanda chipsera.